Lekani kunena kuti "ndi mwana, aiwala"

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimaphunzitsa alezi a m'sukulu za mkombaphala kuno ku Kasungu, ndipo mphepo ikasasula denga kapena njovu zikalowa m'mudzi usiku, makolo amathamangira malata ndi ufa, mwana n'kumusiya kuti mantha amuthere okha. Sathatu. Mwana amayambiranso kukodza pogona, kukakamira chitenje cha mayi ake, kulira kukangochita mitambo. Mu 2023 ngakhale ana a kuno, kutali ndi Mulanje ndi Phalombe, ankadzidzimuka kutulo chifukwa cha zithunzi za namondwe wa Freddy zomwe akuluakulu ankaonetsana pafoni.

Mwana wa zaka zinayi nthawi zambiri sangakuuzeni kuti akuopa. Koma mukamukhazika pamiyendo n'kutsegula buku la zithunzi, amaloza kalulu yemwe nyumba yake yagwa n'kunena kuti, "Akufuna amayi ake." Apo akunena za iye mwini. Musamudule, musamufunse mafunso ngati mayeso. Funsani kuti, "Kaluluyu akumva bwanji? Wabwera kudzamuthandiza ndani?" Sankhani nkhani yoonetsa anthu akuthandizana n'kumanganso, osati ya mitembo. Akafuna buku lomwelo mawa ndi mkuja, muwerengereni. Kudziwiratu mathero ndi kumene kumamukhazika mtima pansi. Kusadziwa kuwerenga si chifukwa, zithunzi zimasimbika ndi pakamwa.

Mtsikana wina amandiwawabe mumtima. Khoma litagwa iye ali m'nyumba, analeka kuyankhula. Agogo ake, chifukwa chomukonda ndithu, anati mwana walodzedwa. Anapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini, nkhuku zinapita. Akakodza pamphasa, chikwapu. Anafika naye kwa ife chimanga chitakololedwa kale, mwana akubisala akangoona munthu wachilendo. Zomwe zinafunika sabata yoyamba ija n'kukhala naye pafupi, kumumvetsera, ndi kumuuza zoona kuti khoma linagwa ndi mvula, osati chifukwa cha iye.

Buku si mankhwala a zonse ayi. Mwezi ukatha mwana asakudya bwino, asakusewera ndi anzake, kapena akadali duu, musadikire kuti nyengo ya mvula ithe, ndipo musamve za aliyense wogulitsa madzi odalitsa kapena zithumwa. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, pitani naye kuchipatala, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.