Za malo a khola la nkhuku: mafunso amene akutipeza ku ofesi

Chiyambireni kulemba mayina a ofuna nkhuku za Mikolongwe, pa ofesi yathu ya ziweto sipakutha anthu, ndipo ambiri akudandaula kuti mlangizi wawabweza chifukwa cha khola. Nazi zimene tikufunsidwa kawirikawiri.

Khola likule bwanji?
Nkhuku zazikulu zotsekeredwa tsiku lonse zisapitirire 5 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Nanga zisa ndi mitengo yogonapo?
Chisa chimodzi mathadzi 5, ndipo pa mtengo nkhuku iliyonse ipeze masentimita 25.

Makolo athu ankagoneka nkhuku m'khitchini, bwanji inu mukuvuta?
Zimenezo zinali zachikuda, zotandala kutchire n'kubwera madzulo. Zotsekeredwa zikathithikana zimajompana, utuchi umanyowa, utitiri umaswana, ndipo chitopa chikalowa chimasesa khola lonse. Katemera wodontheza m'maso amateteza ku chitopa, koma kujompana ndi utitiri sathetsa.

Ndimakhala nyumba ya lendi, pabwalo mpochepa. Ndiye kuti sindilandira?
Sitinanene choncho, ngakhale ena akufalitsa zimenezo. Mlangizi amayeza malo amene alipo, ndipo akapeza kuti ndi a nkhuku 6, akhoza kukulemberani 6, osati 10 zimene munapempha. Khola la m'mwamba limathandiza, chifukwa pansi pake nkhuku zimapalasa ndi kubisala dzuwa, komabe malo apansiwo sitiwawerengera nthawi zonse. Zimatengera ngati mwawatchinga ndi waya. Tifunanso kumva kuti eni nyumba avomera, poti taonapo khola likuphwasulidwa nkhuku zisanayambe n'kuikira komwe. Okhala m'tauni mufunsenso kukhonsolo za malamulo oweta ziweto pakati pa nyumba za anthu. Ofesi ino singakulonjezeni kuti kuvomera kwathu kukutetezani anansi akakadandaula za fungo.

Koma ena alandira khola alibe.
Tamva, ndipo sitikana kuti masiku oyamba ena analembedwa mlangizi asanafike pakhomo pawo. Tikuwayendera.

Ndinalipira kale koma khola lakanidwa. Ndalama zanga?
Dzina lanu silifufutidwa. Konzani khola, itanani mlangizi adzaonenso. Za kubweza ndalama, bwerani ndi lisiti, nkhani ya aliyense tiziiona payokha.