Kick yoyamba ipangeni nokha

Ambiri amene amabwera kudzaphunzira sound design (luso lopanga maphokoso a nyimbo) amafika laputopu itadzaza ma sample pack (mafoda a maphokoso ojambulidwa kale), ma kick (kugunda kwa ng'oma yaikulu ya besi) mbwee, koma ukafunsa kuti kick iyi ikumveka yonenepa chonchi chifukwa chani, zii. Ndiye ine tsiku loyamba ndimawauza atseke mafoda onsewo, timatsegula synth (chida chopangira phokoso) ndi oscillator (kachigawo kake kotulutsa phokosolo) imodzi basi, sine wave, kaphokoso kosalala kopanda chokometsera chilichonse.

Timaiika pa 50 Hz, kutanthauza kuti sipika ikukankha mpweya ka 50 pa sekondi, phokoso lake umalimva m'chifuwa kuposa m'khutu. Kenako envelope, imene amaitcha ADSR (attack, decay, sustain, release), ndiyo imalamula kuti phokoso liyambe bwanji ndipo lizimirire liti, attack (kayambidwe) pa ziro, decay (katsikidwe) yaifupi, sustain (mlingo umene limakhalapo ukagwirabe kiyi) pansi penipeni. Tikatero timapanga kuti pitch (kukwera kapena kutsika kwa liwu) iyambire m'mwamba, mwina pa 150 Hz, nkugwa msangamsanga kufika pa 50 paja. Munthu akadina kiyi, du! Kick yatuluka, yake yake, ndipo nkhope imene amaonetsa pamenepo ndi imene imandipangitsa kukonda ntchitoyi. Apa ndimawauza kuti mashini ya ng'oma ya Roland TR-808 ya 1980 ija aliyense amaitchula ilibe ng'oma yojambulidwa mkati mwake, kick yake imapangidwa ndi magetsi okhaokha.

Sampling, kugwiritsa ntchito phokoso lojambulidwa, imabwera pambuyo, osati kuti ndi yotsika ayi, zida za sampling ngati Fairlight CMI ya ku Australia mu 1979 ndi Akai MPC60 mu 1988 zinasinthiratu kapangidwe ka nyimbo. Kungoti sample ndi phokoso lopsa kale, kompyuta inaliyeza ka 44,100 pa sekondi ngati pa CD nkulisunga, ndiye ngati sudziwa zimene zili mkati mwake umangosinthasintha mafayilo usiku onse osapeza chomwe ukufuna.

Timajambula pafoni supuni ikugunda kapu yagalasi, nkuiponya mu sampler, chida choimbira phokoso lojambulidwa. Ukaitsitsa octave imodzi liwiro limatsika ndi theka, kutalika kwake nkuwirikiza kawiri, kaphokoso ka ngwee kaja kamayamba kulira ngati belu lalikulu. Low-pass filter idule zam'mwamba zobaya khutu, attack italikeko pang'ono kuti kugunda kwa supuni kubisike, attack yomwe ija tinagwira pa sine wave, ndipo pano dzanja limapita lokha pa knob yoyenera.

Homuweki ya sabata imeneyo ndi snare (ng'oma yaing'ono yolira kuti twa), ina yochokera ku white noise (phokoso la shii ngati la wailesi yosagwira siteshoni), ina yojambula yekha ndi chilichonse chomwe chili pafupi, ndipo pobwera andifotokozere kusiyana kwake tisanadine play.