Mphamvu yokoka ndi mpongozi wovuta

Madzi a pa mathithi a Likhubula amagwa chifukwa cha mphamvu yokoka, imene Einstein anaifotokoza mu 1915 kuti ndi kupindika kwa malo ndi nthawi. Ife ophunzitsa fizikisi timadziwanso kuti mphamvuyi ndi mpongozi wovuta. Chiphunzitso chofuna kukhala pakhomo pake chimalowa chikamwini, ndipo chimayesedwa kaye.

Mkamwini wathu lero ndi supersymmetry. Imati tinthu topanga zinthu, monga elekitironi, ndi tinthu tonyamula mphamvu, monga ta kuwala, ndi mitundu iwiri yosinthanitsika, ndipo kalikonse kali ndi mnzake ku mtundu winawo. Mukasinthanitsa kawiri, masamu amati kanthuko kasuntha malo. Tsono mukalola kuti kusinthako kusiyane malo ndi malo, pa Chitakale mwina, pa Sapitwa mwinanso, mwakhudza malo ndi nthawi, ndipo mphamvu yokoka yalowa yokha osaitanidwa. Freedman, van Nieuwenhuizen ndi Ferrara anaonetsa izi mu 1976, Deser ndi Zumino nawonso chaka chomwecho. Dzina lake supergravity.

Pondikomera ine ndi apa. Graviton, imene amati imanyamula mphamvu yokoka, ndi ya spin 2 (spin ndi nambala yoyeza khalidwe la kanthu longa kuzungulira), ndipo imafuna mnzake gravitino, wa spin 3/2. Komatu mtundu umenewu unali ndi mbiri yoipa: mu 1969 Velo ndi Zwanziger anapeza kuti kanthu ka spin 3/2 kokhala ndi chaji ya magetsi, kakakhala m'mphamvu ya maginito, masamu amakathamangitsa kuposa kuwala, zosatheka. Mu supergravity masamu a gravitino sadzitsutsa, koma pokhapokha malamulo a Einstein akutsatidwa. Mkamwini wakhazikika chifukwa wamvera apongozi.

Malire aliponso. Tazolowera miyeso 4, mulitali, mulifupi, msinkhu ndi nthawi. Mu 1978 Nahm anaonetsa kuti supergravity singapyole miyeso 11. Kupitirira apo pamatuluka tinthu ta spin yoposa 2 tosamvana ndi mphamvu yokoka. Pa miyeso 10 masamu ankasweka, mpaka mu 1984 Green ndi Schwarz anapeza kuti zosokonezazo zimafafanizana ukasankha gulu la m'masamu lotchedwa SO(32) kapena E8×E8.

Wina pa basi ya ku Limbe anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye gravitino mwamuona?" Ayi ndithu. Makina a LHC, owombanitsa tinthu ting'onoting'ono ku malo ofufuzira a CERN ku Ulaya, afufuza kwa zaka zoposa 10, ndipo sanapeze ngakhale kanthu kamodzi mwa timene supersymmetry imalonjeza.