Pansi pa nthaka palibe mtsinje wosaphwa

Kuno ku Mulanje, mjigo ukayamba kungolira wopanda madzi mu Okutobala, agogo amati okumba anaphonya mtsinje wa pansi. Ambiri tinakula tikukhulupirira kuti mtsinje umenewu umachokera ku Sapitwa ndipo suphwa. Kulibe mtsinje wotero. Madzi a pansi amakhala m'timipata ta mchenga ndi m'ming'alu ya miyala, monga amakhalira m'siponji yotsukira mbale, ndipo amachokera ku mvula yolowa m'nthaka pang'onopang'ono.

Anthu a pazilumba za m'nyanja zamchere amazidziwa bwino izi. Kumeneko madzi a mvula amayandama pamwamba pa amchere chifukwa ndi opepukirapo. Pa mita imodzi iliyonse imene madzi abwino akwera kuposa nyanja, kunsi kwake amafika mamita pafupifupi 40. Mukapopa mpaka atsike ndi theka la mita basi, mchere umakwera mamita 20, chitsime n'kusanduka chosamweka. N'chifukwa chake ku Malta, dziko la pazilumba la ku Ulaya, amatunga madzi m'ngalande zapansi zoyandikira msinkhu wa nyanja, ndipo akatswiri amayeza kuya kwa madzi ndi mchere wake kawirikawiri.

Mijigo yamchere abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amene amaidziwa. Lathu vuto ndi lina. Mitengo ya m'mphepete mwa phiri yathera makala, ndiye mvula ikagwa imangothamangira mu Ruo ndi Likhubula itanyamula dothi, osapeza mpata wolowa pansi. Mjigo wa pasukulu umayamba kuuma miyezi ingapo pambuyo pake.