Kulimba kwa Felemu ya Njinga Kuli Mkati mwa Mapaipi

Ogula njinga ambiri amainyamula kuti amve kulemera kwake, poganiza kuti yolemera ndiyo yolimba. Kulemera kokha sikutiuza zambiri, chifukwa chimene chimasunga felemu ndi mtundu wa chitsulo, kuchindikala kwa paipi mkati mwake ndiponso luso la amene analumikiza mapaipiwo, ndipo zonsezi zimabisika pansi pa penti.

Paipi ya felemu simva katundu mofanana paliponse. Mphamvu ya kupalasa, kugwira mabuleki ndi kugunda m'maenje imaunjikana polumikizira, pamene pakati pa paipi sipavutika kwambiri. N'chifukwa chake mu 1897 Alfred Reynolds ndi J. T. Hewitt a ku Birmingham analembetsa njira yopangira paipi yochindikala kumapeto koma yopyapyala pakati. Pa njinga yabwino ya chitsulo, khoma la paipi likhoza kukhala mamilimita 0.9 kumapeto ndi 0.6 pakati, ngakhale kunja ikuoneka yofanana yonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuwotcherera. Moto umasintha chitsulo chozungulira pamene pawotchereredwapo, choncho mng'alu kawirikawiri umayambira m'mbali mwa chowotchereracho. Makina amene amawotcherera mageti ndi mawindo amaboola paipi yopyapyala mosavuta, ndipo kuunjikapo chitsulo chambiri sikubwezera mphamvu imene yatayika. Felemu ya aluminiyamu ya mtundu wa 6061 ndiyo yovutirapo, pakuti ikawotchereredwa imayenera kulowanso mu uvuni wapadera kuti ilimbe, komanso aluminiyamu amatopa pang'onopang'ono ngakhale katundu atakhala wochepa. Ine sindingalangize munthu wa kabaza kunyamula anthu kapena matumba a chimanga pa felemu ya aluminiyamu yowotcherera pamsika.

Felemu ya chitsulo imadyedwanso ndi dzimbiri kuchokera mkati. Madzi a mvula amalowera pa paipi ya chishalo n'kukakhazikika pansi, pamene pamazungulira mapedulo, kotero kabowo kotulutsira madzi kumeneko kasamatsekeke ndi matope, ndipo chitsulo cha chishalo chizipakidwa girisi.

Musanalipire njinga yakale, yendetsani chala kunsi kwa paipi yotsika kuchokera ku handulo kupita ku mapedulo, pafupi ndi polumikizira pakumaso. Mukamva kakhwinya kapena mukaona penti itang'ambika mopingasa, njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu ndipo paipi inapindika. Imeneyo isiyeni, ngakhale mtengo wake utatsika chotani.