Dzaleka ndi lamulo la 1989: gwero la mkangano wa anthu othawa kwawo

Msasa wa Dzaleka uli m'boma la Dowa, makilomita opitirira pang'ono 40 kuchokera mumzinda wa Lilongwe. Mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda malowa anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo a Mboni za Yehova ambiri anasungidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1970. Mu 1994 boma linasandutsa malowa kukhala msasa wa anthu othawa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Zaire, dziko limene lero timalitchula kuti DRC. Malowo ndi okwana mahekitala 201 ndipo anakonzedwa kuti asunge anthu 10,000 kapena 12,000. Lero kuli anthu oposa 50,000, ndipo pali mkangano woti kaya azikakamizidwa kukhala mumsasamo kapena aloledwe kukhala ndi kugwira ntchito kunja kwake. Koma lamulo limene likulamulira moyo wa anthuwa silinalembedwere iwo. Linalembedwera alendo ena, amene anabwerera kwawo kalekale.

Kuyambira cha mu 1986, nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Mozambique anayamba kukhamukira kuno kudzera ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Pofika 1992 anali atapitirira 1 miliyoni, kutanthauza kuti pa anthu 10 alionse okhala m'Malawi, mmodzi anali wothawa nkhondo. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Ena anakhala m'misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu, koma ambiri anangolowa m'midzi, chifukwa Asena, Angoni, Alomwe ndi Ayao a mbali zonse ziwiri za malire ndi pachibale. Mafumu anawapatsa pomanga ndi polima.

Ndi m'nyengo imeneyi pamene dziko la Malawi linalowa m'mapangano oteteza othawa kwawo. Mu 1987 linavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo pamodzi ndi zowonjezera zake za 1967, komanso pangano la 1969 la OAU, bungwe la mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo. Patatha zaka ziwiri, mu 1989, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la othawa kwawo limene likugwirabe ntchito. Boma la nthawi imeneyo, poona chinamtindi cha anthu m'dziko lochepa malo, linavomera pangano la 1951 koma linakana kumangidwa mokwanira ndi ndime 9 za panganolo. Ndimezi ndi 7, 13, 15, 17, 19, 22, 24, 26 ndi 34, ndipo mkangano wonse wa lero wagona mmenemu.

Ndime 13 imakamba za kukhala ndi katundu ndi malo, 15 za kulowa m'mabungwe, 19 za ntchito zophunzirira monga udokotala ndi uloya, 22 za sukulu za boma, 24 za malamulo a ntchito ndi chithandizo cha ogwira ntchito. Pa zimenezi Malawi anati aziona ngati malangizo chabe. Pa ndime 17, ya ntchito yolembedwa, anati wothawa kwawo ali ngati mlendo wina aliyense, ndiye ayenera kupeza chilolezo chogwirira ntchito kapena chochitira bizinesi, chimene mtengo wake ndi zofunika zake munthu amene anathawa chimanjamanja sangakwanitse. Pa ndime 34 anakana kufewetsa njira yopezera unzika. Ndime 26 ndiyo yolemera kwambiri: boma linadzisungira mphamvu yosankha kumene othawa kwawo azikhala ndi kuchepetsa mayendedwe awo pamene chitetezo kapena bata la dziko zafuna kutero. Mawu ake akunena za nthawi imene pali chifukwa. M'kachitidwe, lasanduka lamulo la tsiku ndi tsiku kwa aliyense, ngakhale khanda.

Kwa a ku Mozambique zoletsazi sizinapweteke kwambiri. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 pafupifupi onse anali atabwerera. Amene anabwera pambuyo pawo analibe abale m'midzi yathu, analibe chilankhulo chofanana ndi chathu, ndipo kwawo, makamaka kum'mawa kwa DRC, nkhondo sinathe mpaka lero. Mwana amene anabadwira ku Dzaleka mu 1995 tsopano ali ndi ana ake, amalankhula Chichewa ngati wa kwa Msakambewa, koma si nzika, pakuti unzika wa Malawi munthu amautenga kwa kholo, osati pongobadwira m'dziko muno.

Njira imene wopempha chitetezo amadutsa ndi iyi. Ambiri amalowera kumpoto, ku Songwe kapena ku Chitipa, ndipo amayamba asungidwa pa malo ongodikirira ku Karonga asanawatengere ku Dowa. Ku Dzaleka nthambi ya boma yoona za othawa kwawo, pansi pa unduna wa za chitetezo cha m'dziko, imawalembetsa mogwirizana ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, kuwajambula ndi kutenga zidindo za zala. Kenako munthu amafunsidwa chimene anathawa, ndipo komiti yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1989 ndiyo imagamula ngati akuyenera kuzindikiridwa ngati wothawa kwawo. Wokanidwa angathe kukadandaula kwa nduna. Apa ndi pamene zinthu zimaima: mafayilo amaunjikana, anthu amadikira zaka, ndipo okanidwa amangokhalabe mumsasa momwemo chifukwa kulibe kowapititsa. Ufulu umodzi umene Malawi sanaukane ndi wa ndime 33, woti munthu asabwezedwe mokakamiza kumene moyo wake uli pa chiopsezo.

Wolembetsedwa amapeza chithandizo cha chakudya kuchokera ku WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, chithandizo chimene kale chinali chimanga, nyemba ndi mafuta koma tsopano ndi ndalama za pamwezi. Mumsasamo muli chipatala chaching'ono chimene chimathandizanso anthu a m'midzi yozungulira. Sukulu monga pulayimale ya Umodzi Katubza zakhala zikuyendetsedwa ndi bungwe la Jesuit Refugee Service, koma malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ana. Wofuna kutuluka, kaya kupita ku chipatala cha Kamuzu Central kaya ku koleji, amayenera kutenga kalata ya chilolezo kwa woyang'anira msasa. Nyumba za zidina zathithikana m'madera amene anawatcha mayina a kwathu, Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre, Karonga, ndipo pa mjigo mzere umayamba kusanache.

Munthu woletsedwa kugwira ntchito, wopanda munda, amene thandizo lake limatha mwezi usanafike pakati, sangangokhala. Choncho kwa zaka zambiri anthu ankatuluka mwakachetechete, n'kukatsegula timagolosale ku Mchesi, ku Area 25 ndi kwa Mgona mumzinda wa Lilongwe, komanso m'matauni ang'onoang'ono, ena n'kuyamba kugula soya ndi mtedza. Boma linkaona koma linkangoyang'ana kumbali. Amalonda ang'onoang'ono a kuno anayamba kudandaula kuti "Maburundi" akuwalanda msika pogulitsa motchipa. Dandaulo limeneli si lopeka, chifukwa wogulitsa pa kaunjika kapena pa okala amapeza phindu lochepa kale. Koma eni nyumba amene ankalandira lendi, anyamata olembedwa ntchito m'mashopu ndi alimi ogulitsa mbewu nawonso ndi Amalawi, ndipo mawu awo sanamveke kwenikweni.

Mu Epulo 2021 nduna ya za chitetezo cha m'dziko ya nthawi imeneyo, Richard Chimwendo Banda, inalamula kuti onse okhala kunja kwa msasa abwerere ku Dzaleka m'masiku 14. Othawa kwawo ena anakatenga chiletso ku khoti, ndipo nkhaniyo inaima mpaka Ogasiti 2022 pamene bwalo lalikulu linachotsa chiletsocho. Pa 27 Malichi 2023, Ken Zikhale Ng'oma ali nduna, boma linapereka tsiku lomaliza la 15 Epulo kwa anthu pafupifupi 8,000. Pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu mu Lilongwe. Mazanamazana, kuphatikizapo amayi ndi ana, anagonekedwa ku ndende ya Maula asanawatumize ku Dowa. Mashopu anatsekedwa, makontena a katundu kwa Mgona analandidwa, ndipo mabanja a Amalawi okwatirana ndi othawa kwawo anasokonekera. Patangopita miyezi iwiri, mu Julayi 2023, WFP inadula thandizo la chakudya kufika pa theka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Anthu amene ankadzidyetsa okha anabwezedwa kukadya pa mbale imene inali itachepa kale.

Mbali ziwiri zili ndi potsamira. Boma limaloza ndime 26 ndi nkhani za chitetezo, ndipo n'zoona kuti njira ya ku Dzaleka yagwiritsidwapo ntchito ndi ozembetsa anthu opita ku South Africa. Mabungwe omenyera ufulu, monga Inua Advocacy, amaloza malamulo aakulu a dziko a 1994, amene pa gawo 39 amapereka ufulu woyenda ndi wosankha kokhala kwa munthu aliyense, ndipo pa gawo 29 ufulu wogwira ntchito ndi kupeza zofunika pa moyo kulikonse m'Malawi. Lamulo la 1989 ndi la nthawi ya chipani chimodzi ndipo silinakonzedwe kuti ligwirizane ndi zimenezi. Kutsekera anthu 50,000 pofuna kugwira zigawenga zochepa ndi kulanga osalakwa, ndipo ozembetsa anthu sanayambe aletsedwapo ndi kalata ya chilolezo.

Njira zina zotulukira zatsekeka. Kubwerera kwawo kukutheka kwa Aburundi ena, koma osati kwa ochokera ku Kivu, kum'mawa kwa DRC. Kusamutsidwira ku mayiko ena kumafikira ochepa kwambiri, ndipo dziko la America linaimitsa pulogalamu yake mu Januwale 2025. Kutsegula msasa wina kunavuta ku Katili m'boma la Karonga chifukwa eni dera anakana, ndipo maso anatembenukira ku Kayilizi m'boma la Chitipa, koma msasa watsopano umangopungula kuthithikana, sudyetsa munthu. Mu Disembala 2019, pa msonkhano wa ku Geneva, boma la Malawi linalonjeza kuunikanso lamulo la othawa kwawo, ndipo ntchitoyo inaperekedwa ku Law Commission, bungwe lounikanso malamulo a dziko lino. Chimene chingasinthe moyo wa ku Dzaleka ndi kuti kuunikako kufike pa ndime 17 ndi 26 za pangano la 1951: wothawa kwawo wozindikiridwa apatsidwe chiphaso chomulola kukhala kunja kwa msasa pa malo odziwika ndi boma, kulembetsa bizinesi yake ndi kukhoma msonkho ku MRA, bungwe lotolera misonkho, monga wina aliyense.