Pa ulendo wapansi wopita ku malo oyera, ululu musamabise

Abale ndi alongo amene mukukonzekera kuyenda ulendo wamapemphero pagulu, kaya ndi wa ku Namugongo ku Uganda komwe anthu amasonkhana pa 3 June kukumbukira ofera chikhulupiriro, ena mwa anthuwo atayenda masabata angapo, kaya ndi Camino, njira ya amwendamnjira yoyambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France mpaka ku Santiago de Compostela ku Spain, makilomita pafupifupi 800, chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi kubisa. Munthu phazi likumuwawa koma akuopa kuchedwetsa anzake, akuti ndipirira basi poti ndi nsembe. Chonde musatero, nenani msanga.

Thuza silimangobwera mwadzidzidzi, pamayamba kutentha ndi kufiira pomwe nsapato ikukhula. Mukangomva choncho imani pompo, vulani, pukutani phazi liume, matanipo pulasitala. Ndi mphindi zochepa chabe koma mukazinyalanyaza mawa lake mudzuka mukutsimphina. Nsapato yatsopano ayi ndithu, valani yomwe mwayenda nayo kale maulendo ataliatali pokonzekera, masokosi muzisintha akanyowa ndi thukuta. Thuza laling'ono musaliboole, likaphulika lokha tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, khungu lakelo musachotse, mangani. Mukaona mafinya, kufiira kukufalikira kapena thupi latentha, pamenepo ndi kuchipatala. Odwala shuga mapazi muziwayang'ana madzulo aliwonse chifukwa bala limatha kukula inu osamva kanthu, komanso inu ndi a BP yambani mwaonana ndi adokotala, mankhwala anu akhale mchikwama chomwe muli nacho pamsana, osati mgalimoto ya katundu yomwe yatsogola.

Madzi muzimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mkodzo ukakhala wochepa komanso wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuperewera mthupi. Koma thukuta limatulutsanso mchere, ndiye kungogubuduza madzi okhaokha malita ambiri osadya kanthu nakonso nkoopsa. Tengani mapaketi a ORS, akatha sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Kusala kudya uku mukuyenda tsiku lonse padzuwa, kambiranani ndi atsogoleri anu, ine ndikuti musaphatikize ziwirizi.

Nyamukani mbandakucha, masana dzuwa likafika paliwombo pumulani pamthunzi. Mutu, chizungulire, nseru, kukokana kwa minofu, munthu ameneyo akhale pansi apatsidwe ORS. Koma akayamba kubwebweta, kudzandira kapena osazindikira anzake, thupi lili juu, imeneyo ndi ngozi yoti angathe kufa nayo. Mugonekeni pamthunzi, masulani zovala, mthireni madzi ozizira thupi lonse uku mukumukupiza, wina akuitana kale thandizo. Pempherani inde koma manja akugwira ntchito. Wokomoka musamumwetse kanthu, atsamwa.

Atsogoleri, liwiro la gulu likhale la munthu amene akuyenda pang'onopang'ono kuposa onse, ndipo kumbuyo kuzikhala wina wamphamvu wonyamula mankhwala ndi foni yamoto, muziwerengana popuma paliponse. Mumsewu yendani mondondozana mbali yomwe mukuona galimoto zikubwera kutsogolo kwanu, kukada valani zonyezimira ndi kuyatsa tochi, nyimbo zisakulepheretseni kumva hutala.